Kagulu kathu kakufuna kukaona zojambula ndi zosema za m'matchalitchi a kunja: tilowere kuti?

Aphunzitsi a ku Linga, Nkhotakota

Abale ndi alongo, ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala ku Linga kuno ku Nkhotakota, ndipo ndimapemphera ku Anglican. Ndabwera ndi nkhani imene yatiimitsa mitu ife anthu asanu ndi anayi amene timakumana kawiri pa mwezi pakhonde la nyumba yanga kuwerenga Baibulo. Si ife a mpingo umodzi ayi. Anayi ndife a Anglican, atatu ndi Akatolika, awiri ndi a CCAP, ndipo pakati pathu pali mnyamata amene amalemba zikwangwani za magolosale ndi mayina a maboti a asodzi, komanso amayi awiri amene amapeta nsalu za paguwa.

Amene anayambitsa zonsezi ndi mdzukulu wanga wa sitandade 4. Tsiku lina anaima nthawi yaitali pansi pa kalendala ya pabalaza, imene ili ndi chithunzi cha Ambuye Yesu atanyamula mwana wa nkhosa, tsitsi lawo lalitali lofika m'mapewa ndiponso khungu loyera mbee, kenaka anandifunsa kuti, "Agogo, kodi Yesu kwawo kunali ku Mangalande?" Ndinamuyankha kuti anabadwira ku Betelehemu, koma mwanayo sanakhutire, ndipo anafunsanso kuti nanga amene anawajambulawo anawaona kuti. Nditaitula nkhaniyi kwa anzanga tinakambirana mpaka nyali kuyatsidwa, ndipo tinazindikira kuti tonse takalamba tikuona zithunzi zachikhristu popanda kufunsa kuti anazijambula ndani, liti, ndiponso chifukwa chiyani anazijambula motero.

Kuyambira pamenepo takhala tikusonkherana kangachepe mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, ena akagulitsa mpunga, ena akalandira penshoni, ndi cholinga chakuti tidzatuluke m'dziko muno kamodzi tikaone ndi maso athu mmene Akhristu a kwina anajambulira ndi kusemera chikhulupiriro chawo. Vuto ndi lakuti mitima yagawanika. Anzathu Akatolika akuti tipite ku Roma. Ine mtima wanga uli ku Zanzibar, chifukwa anthu amene ankagwidwa kuno nthawi ya Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ija, ankawaolotsa nyanja n'kuwayendetsa mpaka ku doko la Kilwa ku Tanzania, ambiri n'kukathera pa msika wa akapolo wa ku Zanzibar, ndipo pamalo a msikawo a mishoni ya UMCA, imenenso inadzala mpingo wathu kuno, anayamba kumangapo tchalitchi cha Christ Church mu 1873. Mnyamata wa zikwangwani uja akuti iye alibe mawu, bola akamulole kuyandikira khoma kuti aone mmene penti inayendera. Koma m'modzi wa abale athu a CCAP, amene ndi mkulu wa mpingo, wayamba kubwerera m'mbuyo, akuti sakufuna kuwononga ndalama zake pa ulendo wokagwadira mafano.

Tsono ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendako. Kagulu kochepa ngati kathuka, ka anthu a m'thumba mopepuka ndiponso a mipingo yosiyana, kangalowere kuti, ndipo kangayende bwanji kuti pobwera tidzakhale titaphunzira kanthu, ubale wathunso usanang'ambike?

Mmisiri wa ziboliboli, Senga Bay

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha nkhani yanu. Ine ndimasema ziboliboli kuno ku Senga Bay, ndipo luso lochepa limene ndili nalo ndinalitola kwa amalume anga amene anaphunzira kwa amisiri a ku Mua. Mundikhululukire ngati ndikhale ngati ndikukubwezani, koma musanagule tikiti ya basi kapena ya ndege, muyambe mwapita ku Mua. Mukatsika ndi msewu wa M5 kudutsa pa Salima, mukapatuka cha ku Mtakataka, ndipo ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Mishoni imeneyi anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anatsegulapo malo a zaluso a KuNgoni. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400, ndipo pafupi pomwepo mukaona mmene amisiri a kwathu kuno anasemera nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ntchito za manja awo zinafika mpaka ku Germany, kumene kachisi wa bungwe la Missio mu mzinda wa Munich anakongoletsedwa ndi amisiri a KuNgoni. Zikhoza kukhala zamanyazi kuti inu mukafike kunja n'kufunsidwa za Mua, pamene simunapondeko.

Chifukwa china chimene ndikunenera zimenezi ndi chakuti kuona chosema kumafuna kuphunzira, ndipo ndi bwino kuphunzirira pafupi, pamene kulakwitsa sikudya ndalama zambiri. Alendo ambiri amene amabwera pa shedi yanga amaima kutsogolo kwa chosema, kujambula ndi foni, n'kumapita. Sachizungulira, sanjuta kuti achione kuchokera pansi, ndipo safunsa kuti mtengo wake ndi wanji. Chaka chatha ndinasema Amayi Maria atabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, pa chipika cha muwanga chimene chinali ndi mfundo mbali imodzi. Mfundoyo sindinaichotse, koma ndinaitembenuzira pa phewa la mayiyo pamene pamamangidwa chitenje, kotero kuti mizere ya mtengo inayenda ngati makwinya a nsalu imene ikukokedwa ndi kulemera kwa mwana. Pa anthu onse amene anachiona, amene anazindikira zimenezo anali mayi wina wogulitsa usipa, amene anati, "Ameneyu mwana wake ndi wolemera, taonani mmene phewa lapendekera." Mnyamata wanu wa zikwangwani akunena zoona, ayenera kuyandikira khoma.

Tsono za kunja, ine ndikanakulozerani ku Zimbabwe. Kufupi ndi Bulawayo kuli mishoni ya Anglican ya Cyrene, imene inatsegula sukulu yake mu 1940 motsogozedwa ndi wansembe Edward Paterson, ndipo dzinalo analitenga kwa Simoni wa ku Kurene, munthu wa ku Africa amene anasenza mtanda wa Ambuye. Paterson ankafuna kuti mwana aliyense wa pasukulupo azijambula, ndipo sankawapatsa zithunzi za ku Ulaya kuti azikopera. Zotsatira zake ndi zakuti makoma a kachisi wa pamenepo, m'kati ndi kunja komwe, anadzaza ndi mafanizo a Yesu ojambulidwa ndi ana a sukulu, anthu ake akuda, mapiri ake a miyala yosanjikizana ya ku Matopo komweko. M'modzi mwa ophunzira amene anatchuka, Sam Songo, anali wolumala ndipo ankayenda pa njinga ya olumala. Chakum'mawa, m'dera la Gutu kufupi ndi Masvingo, kuli mishoni ya Katolika ya Serima imene anaiyambitsa Bambo John Groeber a ku Switzerland mu 1948, ndipo kumeneko zitseko, mizati ndi guwa zinasemedwa ndi anyamata a sukulu, mwa iwo Nicholas Mukomberanwa amene pambuyo pake anadzatchuka pa dziko lonse posema miyala. Motero a Anglican ndi Akatolika a m'gulu lanu aliyense akapeza kwawo.

Ulendo wake ndi wa pansi, kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Nyamapanda mpaka ku Harare, ndipo Mmalawi safunika viza ku Mozambique kapena ku Zimbabwe, pasipoti yokha ndi yokwanira. Malo awiri onsewa ndi sukulu zimene zikugwirabe ntchito, choncho musangotulukira ngati mvula ya chizimalupsa. Lembani kalata kudzera kwa ansembe anu, mupemphe tsiku.

Mkulu wa mpingo, Salima

Aphunzitsi, ine ndine mkulu wa mpingo mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndikufuna kuyankhulako m'malo mwa mbale wanu amene akubwerera m'mbuyoyo, chifukwa ndikuopa kuti gulu lingamuone ngati munthu wovuta pamene iye akungosunga chimene anaphunzitsidwa. Mpingo wathu unabwera ndi amishoni a Dutch Reformed amene anafika pa Mvera mu 1889, ndipo chiphunzitso chawo chinatsamira pa Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563. Katekismayu, pomasulira lamulo lachiwiri la pa Eksodo 20:4, amafunsa mwachindunji ngati zithunzi zingaloledwe m'tchalitchi kuti zikhale ngati mabuku a anthu wamba, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi, popeza sitiyenera kudziyesa anzeru kuposa Mulungu, amene akufuna kuti anthu ake aphunzitsidwe ndi kulalikira kwa Mawu ake, osati ndi zithunzi zosayankhula. N'chifukwa chake mukalowa m'tchalitchi chathu mumapeza makoma oyera, gome, ndi Baibulo lotsegula. Si umphawi kapena kusowa amisiri ayi, koma ndi chiphunzitso.

Ndipo nkhawa imeneyi ili ndi maziko m'Malemba. Njoka yamkuwa ija Mose anaipanga molamulidwa ndi Mulungu mwini pa Numeri 21, koma patapita zaka Aisraeli anayamba kuifukizira lubani, mpaka mfumu Hezekiya anaiphwanya, monga tiwerenga pa 2 Mafumu 18:4. Chinthu chabwino chikhoza kusanduka msampha. Funso la mdzukulu wanu lomwelo ndi umboni, chifukwa kalendala imodzi yamuphunzitsa mwanayo chinthu chimene Baibulo silinanene, ndipo yachita zimenezo mwakachetechete kwa zaka zambiri popanda wina kuitsutsa. Pamenepa ndikusiyanako pang'ono ndi mmisiri wa ku Senga Bay. Ngati kujambula Yesu ngati mzungu kunasokoneza mwana, kodi kumujambula ngati Mchewa sikudzasokonezanso mwana wina? Iye anali Myuda wa ku Galileya.

Komabe, mbale wanuyo ndikanakumana naye ndikanamulimbikitsa kuti apite. Katekisma yemweyo sakaniza kujambula zolengedwa, chimene amakaniza ndi kujambula Mulungu ndiponso kupembedza kudzera m'chithunzi. Pa Eksodo 31 Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti akhale mmisiri wa golide, siliva, miyala ndi mitengo, kotero luso la manja si la mdyerekezi. Ngakhale dziko la Netherlands, kumene anthu anaphwanya zithunzi za m'matchalitchi mu 1566, ndi lomwenso linabala Rembrandt, amene anajambula nkhani za m'Baibulo zambirimbiri zoti anthu azipachika m'nyumba zawo. Kuona ndi kwina, kugwadira ndi kwina.

Chimene ndikupempha ndi chakuti mugwirizane musananyamuke. Pasakhale wokakamiza mnzake kugwada, kuyatsa kandulo kapena kupsompsona chinthu, ndiponso pasakhale wonyoza mnzake amene wachita zimenezo. Wa CCAP akalowa m'tchalitchi cha eni ake avule chipewa, atsitse mawu, ndipo mafunso ake awasunge mpaka madzulo. Mukasankha Zimbabwe, dziwaninso kuti kumeneko kuli Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inayamba chifukwa cha Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo mbale wanuyo akhoza kukapembedza Lamulungu m'Chichewa.

Mayi wa mphakati, Salima boma

Aphunzitsi ndi inu akuluakulu amene mwayankha kale, ine ndine Mkatolika ndipo ku Roma ndinapitako zaka zingapo zapitazo, choncho ndikufuna kunena zimene ndinakumana nazo mosabisa, zokoma ndi zowawa zomwe.

Tinapita anthu oposa makumi anayi kudzera kwa munthu wina wokonza maulendo, amene anatilonjeza mizinda isanu m'masiku asanu ndi atatu, ndipo ife tinaona ngati tapeza mwayi waukulu. Zimene zinachitika ndi zija akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malo ogona anali kutali ndi mzinda, tinkadzuka mbandakucha, ndipo tsiku lonse tinkathamangira kambendera ka wotitsogolera. Mu Sistine Chapel, mmene Michelangelo anajambula denga lonse kuyambira 1508 mpaka 1512, tinalowa titatopa kale ndi makonde aatali a nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican, anthu ali thithithi ngati pa msika wa Kamuzu Road tsiku la malipiro, alonda akufuula kuti tikhale chete ndiponso kuti kujambula n'koletsedwa. Ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa, ndipo ndikanena zoona, chimene ndimakumbukira kwambiri ndi nsapato imene inkandiluma.

Chimene chinapulumutsa ulendo wanga chinachitika mwangozi. Tsiku lina masana ine ndi amayi ena awiri tinatsalira chifukwa m'modzi wa ife miyendo inatupa, ndipo tinalowa m'tchalitchi cha San Luigi dei Francesi kuti tipumuleko, pakuti polowa salipiritsa. Chakutsogolo kudzanja lamanzere kuli kachipinda kamene kali ndi zithunzi zitatu za Mateyo Woyera zimene anajambula Caravaggio cha m'ma 1600. Pamakhala mdima, ndipo munthu amaponya kandalama m'kabokosi kuti magetsi ayake kwa kanthawi. Ife tinalibe ndalama zachitsulo, choncho tinkangodikira kuti mlendo wina aponye, magetsi akazima n'kudikiranso wina, ndipo mwa njira imeneyi tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu pa chithunzi chimodzi, cha kuitanidwa kwa Mateyo.

Poyamba ndinangoona amuna atazungulira tebulo la ndalama m'chipinda cha mdima. Magetsi atayakanso ndinaona kuti Yesu ali kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja, Petulo atamutchinga pafupifupi thupi lonse, ndipo chimene chikuoneka bwino ndi nkhope yake ndi dzanja limene watambasula. Kuwala kukuchokera mbali yomweyo, kudutsa pamwamba pa mutu wake n'kukagwa pa nkhope za okhala patebulo. Bambo wandevu akuloza ndi chala ngati akufunsa kuti, "Ine kodi?", pamene mnyamata wa kumapeto kwa tebulo sanadzutse n'komwe mutu, maso ake ali pa makobidi. Tinatsutsana ndi anzangawo kuti Mateyo ndi uti pa awiriwa, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti akatswiri nawonso amatsutsana. Koma chimene chikukhudza funso la mdzukulu wanu, aphunzitsi, ndinachiona komalizira. Yesu ndi Petulo ali opanda nsapato, atavala mikanjo yakalekale, koma amuna a patebulo avala zovala za ku Roma za nthawi ya wojambulayo, zipewa za nthenga, wina lupanga m'chiuno. Caravaggio anatenga anthu a m'misewu ya kwawo n'kuwalowetsa mu Uthenga Wabwino. Azungu sankajambula mbiri yakale monga inachitikira, ankajambula Ambuye akulowa m'nyumba zawo, ndipo ife tinalandira zithunzi zawozo n'kumayesa kuti ndi mmene Yesu ankaonekera. Ana a ku Cyrene amene atchulidwa pamwambapa anachita chimodzimodzi ndi Caravaggio, kusiyana kwake ndi kwakuti iwo anamulowetsa m'mudzi wa Amandebele.

Kwa akulu a mpingo, ndikuyankha mwaulemu kuti nkhani mwaikwezayi Mpingo unalimbana nayo kalekale. Pa msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 anagamula kuti kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo ulemu umene uperekedwa pa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho, monga mmene munthu amasungira bwino chithunzi cha malemu mayi ake popanda kuganiza kuti pepalalo ndi mayi akewo. Maziko ake ndi akuti Mawu anasandulika thupi, ndipo amene anaoneka ndi maso akhoza kujambulidwa. Sindikuyembekeza kuti tigwirizana lero, koma pa mfundo yanu yakuti pasakhale kukakamizana ndikuvomerezana nanu ndi mtima wonse.

Za ndalama ndisakunamizeni. Viza ya Schengen, imene ndi yolowera ku Italy ndi mayiko ena a ku Ulaya, inakwera kufika pa mayuro 90 mu 2024, amafunanso inshuwalansi ya zaumoyo yotha kulipira chithandizo cha mayuro osachepera 30,000, umboni wa ku banki ndi wa malo ogona, ndipo akakukanani ndalama ya viza sibwerera. Kazembe wa Italy amene amayang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, choncho mufunse msanga kumene mapepala akuperekedwa. Onjezani kuvuta kwa ndalama zakunja m'mabanki athu, ndiponso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona kuti zimene mwasonkha zaka ziwirizi mwina zingangokwanira matikiti a anthu awiri kapena atatu. Ngati tsiku lina mudzapite ku Roma, mudzakhale mu mzinda umodzi, mudzaone matchalitchi awiri okha pa tsiku, ndipo mudzavale zophimba mapewa ndi mawondo chifukwa pa khomo amabweza. Anthu asanu ndi anayi ndi chiwerengero chabwino, mumakwana patebulo limodzi.

Mlongo wanu wa ku Dwangwa

Aphunzitsi, ine ndinakhalako ku Addis Ababa pa ntchito, ndipo ndikudabwa kuti palibe amene watchula Ethiopia, pamene ndege ya Ethiopian Airlines imanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita komweko. Dzikoli linalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Ezana ya ku Aksum, ndipo lakhala likujambula oyera ake m'njira yakeyake kwa zaka mazana ambiri popanda kudikira mmishoni wa ku Ulaya. Ku Lalibela kuli matchalitchi 11 amene sanamangidwe koma anagobedwa m'thanthwe kuchokera pamwamba kupita pansi cha m'ma 1200, ndipo cha Bete Giyorgis munthu amachiona ataima pamwamba pake, denga lake lili ngati mtanda pansi pa mapazi ake. Ku Gondar, m'tchalitchi cha Debre Berhan Selassie, denga lonse ladzaza ndi nkhope za angelo za maso aakulu, tsitsi lakuda, zoyang'ana mbali zonse. Mdzukulu wanu ataziona sangafunsenso za ku Mangalande. Wansembe wina anandiphunzitsa kawerengedwe ka zithunzi zawo, kuti anthu olungama amajambulidwa maso onse awiri akuoneka, pamene oipa amajambulidwa cham'mbali, diso limodzi lokha, kotero ngakhale wosadziwa chilankhulo chawo amatha kutsatira nkhani pakhoma.

Koma ndikuchenjezeni pa zinthu zingapo. Lalibela ndi Gondar zili m'chigawo cha Amhara, kumene kwakhala kuli nkhondo kuyambira 2023, choncho musapite musanafunse za chitetezo kwa anthu amene ali komweko. Malowa ndi okwera kwambiri, Addis Ababa yomwe ili pa mamita oposa 2,300, ndipo ife ozolowera kunyanja timapuma mwabefu masiku oyamba, makamaka achikulire a vuto la kuthamanga kwa magazi. M'tchalitchi amalowa atavula nsapato, amayi amafunda kumutu, ndipo nyumba zina za amonke salola amayi kulowa, zimene zikhoza kuwawa amayi anu opeta nsalu aja atayenda mtunda wonsewo. Kawerengedwe ka nthawi nakonso n'kosiyana, chifukwa iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko, ndipo ine ndinaphonyapo mapemphero chifukwa cha zimenezi. Mu Addis momwemo muli zambiri zoti muone, monga zojambula za Afewerk Tekle m'tchalitchi cha St George ndi zithunzi zakale za oyera zimene zimasungidwa pa yunivesite ya Addis Ababa.

Aphunzitsi a ku Linga, Nkhotakota

Ndikuthokoza nonse anayi. Mayankho anu ndinawasindikiza pa pepala ndipo tinawawerenga mokweza Loweruka lapitali, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Mbale wathu wa CCAP anapempha kuti ndibwereze kawiri mawu a akulu a mpingo a ku Salima, ndipo atamva kuti nkhawa yake yanenedwa bwino kuposa mmene iye akanainenera, anati apita, koma pa funso lakuti kodi Yesu wa nkhope ya Chichewa sasokonezanso mwana, iye ndi anzathu Akatolika sanamvane, ndipo tinasiyira pomwepo chifukwa tiyi anali atazizira.

Mawu a mmisiri anandichititsa manyazi pang'ono. Lamulungu nditatuluka m'mapemphero ndinatsalira m'tchalitchi chathu cha All Saints, mmene muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja yathuyi mu 1895 asanafike n'komwe ku Likoma kukayamba ntchito ya ubishopu, ndipo ndinapeza kuti ndapemphera m'nyumba imeneyi zaka zoposa makumi atatu koma sindikanatha kumuuza mlendo kuti guwa lathu linapangidwa ndi chiyani.

Tagwirizana kuti mwezi wamawa tipite ku Mua, tikagone usiku umodzi, aliyense atenge kope ndi pensulo, ndipo mdzukulu wanga uja tipita naye. Tikakolola mpunga tidzayesa Zimbabwe, masiku khumi, malo awiri okha, Cyrene ndi Serima. Msungichuma wathu atawerengera ndalama za viza ndi za ndege, anzathu Akatolika anavomera okha kuti za Roma ziyambe zadikira, ndipo inenso Zanzibar wanga ndamuika pambali, ngakhale mtima ukadali komweko. Atatu mwa ife alibe mapasipoti, choncho ntchito yoyamba ndi imeneyo.

Mmisiri wa ku Senga Bay, mnyamata wathu wa zikwangwani akufunsa ngati mungalole kuti popita ku Mua tidzapatukire pa shedi yanu, ndiponso ngati chosema cha muwanga chija chikadalipo kapena chinagulidwa kale.